Mankhwala sanasukuluke, tasintha ndi tizilombo

Pali dandaulo limodzi lomwe silisowa pa misonkhano ya alimi ndi alangizi, kaya msonkhanowo uli ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia: "Mankhwala a masiku ano ndi madzi enieni." Mlimi wa kudimba amati kale ankathira kachivindikiro kamodzi m'sipuleya ndipo mbozi zinkayoyoka zonse, koma lero akuthira tiwiri, mbozi zikungodya ngati palibe chachitika. Woweta ng'ombe amati nkhupakupa zikutuluka m'dipi zili ndi moyo. Woweta mbuzi amati wamwetsa kawiri mankhwala a njoka zam'mimba koma ziweto zikuwondabe. Mlandu umagwera wogulitsa, ndipo nthawi zina umamugwera moyenera, pakuti mankhwala achinyengo, osungunula ndi madzi kapena opitirira masiku ake alipodi m'misika. Koma zimachitikanso kuti botolo ndi lenileni, muyeso ndi woyenera, wopopera sanaphonye kanthu, tizilombo osafa. Zikatere vuto silili m'botolo. Lili m'munda momwemo, ndipo analiyambitsa ndi mankhwala omwewo.

Anthu ambiri amati tizilombo "tazolowera" mankhwala. Mawuwa ndi osavuta kunena koma amasocheretsa. Amachititsa munthu kuganiza za mbozi imodzi yomwe yakhala ikulawa poizoni pang'onopang'ono mpaka thupi lake kupima, monga momwe chidakwa chimafikira pomaliza botolo la kachasu osadzandira. Mbozi ilibe nthawi yotero. Mbozi yowononga chimanga ija inayamba kuoneka mu Africa m'chaka cha 2016, yomwe ambiri amaitchula kuti fall armyworm, imamaliza moyo wake wonse, kuyambira dzira mpaka gulugufe, m'masiku pafupifupi 30 kunja kukamatentha. Yomwe yapoperedwa lero siidzaonana ndi sipuleya ya chaka chamawa. Odzaonana nayo ndi zidzukulu za zidzukulu zake.

Chomwe chimachitika n'chakuti mbozi, ngakhale zimaoneka zofanana m'maso mwa munthu, sizibadwa zofanana, monga momwe ana a mimba imodzi sakhalira ofanana. Mwachitsanzo, pa mbozi 1,000 zomwe zili m'munda pakhoza kukhala zisanu zomwe zinabadwa ndi thupi lotha kuphwanya poizoni msanga asanazipweteke. Sizinachite kuphunzira, ndipo sizinabadwe chotero pokonzekera mankhwala. Ndi kusiyana chabe kwa chibadwa komwe kumabwera mwangozi pomwe majini akuchoka kwa kholo kupita kwa mwana. Mlimi asanapopere, zisanuzo zilibe mwayi woposa zinzake. Akapopera, zinzake zimafa, izo n'kutsala ndi munda wonse. Zimasanduka agulugufe, zimakwerana zokhazokha, ndipo wamkazi mmodzi amatha kuikira mazira 1,000 kapena kuposerapo. Ana ambiri amatengera makolo awo. Mlimi akabwereza mankhwala omwewo, ana ofooka amafa, olimba n'kutsala. Pakapita mibadwo ingapo, zomwe zinali zisanu pa 1,000 ndizo zimadzaza munda.

Mayi wosefa ufa amadziwa kuti sefa sipanga misere. Misere imakhala ilimo kale mu ufawo. Sefa imangolola ufa wosalala kudutsa, misere n'kutsala pamwamba. Mankhwala ndi sefa. Kusiyana kwake n'kwakuti misere ya m'mundayi imaswana.

Ganizo lomwe mlimi amalidziwa kale

Akatswiri a sayansi amatcha zimenezi kusankha kwa chilengedwe. Oyamba kuzifotokoza momveka bwino anali anthu awiri a ku Britain, Charles Darwin ndi Alfred Russel Wallace. Aliyense anafika pa ganizoli payekha, ndipo zolemba zawo zinawerengedwa pamodzi ku bungwe la Linnean Society mumzinda wa London pa 1 July, 1858. Chaka chotsatira Darwin anatulutsa buku lake lotchuka lija, On the Origin of Species. Chochititsa chidwi n'chakuti mutu woyamba wa bukulo sukamba za nyama zakutchire kapena mafupa akale. Ukukamba za ziweto ndi mbewu, makamaka nkhunda, zomwe Darwin mwiniwake ankaweta. Iye anaona kuti oweta nkhunda, posankha yoti iswane ndi yoti isaswane, anatulutsa mitundu yosiyana kwambiri maonekedwe kuchokera ku mtundu umodzi wa nkhunda zakutchire. Ngati munthu angachite zotere m'zaka zowerengeka, nanga njala, matenda, chilala ndi zilombo zolusa zingachite zotani m'zaka miyandamiyanda? Pakuti nazonso zimasankha. Chamoyo chilichonse chimabereka ana ochuluka kuposa omwe angakule. Anawo amasiyana, kusiyana kwinako kumayenda m'chibadwa, ndipo amene kusiyana kwawo kwawathandiza kupulumuka ndiwo amasiya ana ambiri. Chiphunzitso chonse chagona pamenepa. Darwin sankadziwa za majini. Zimenezo zinadziwika iye atamwalira kale, ndipo zinalimbitsa ganizo lake m'malo moligwetsa.

Mlimi alibe chifukwa choonera ganizoli ngati lachilendo, pakuti amaligwiritsa ntchito chaka ndi chaka. Gogo amene amapatula chimanga chachikuluchikulu cha maso olimba n'kuchipachika pamwamba pa moto kuti chikhale mbewu, akusankha. Chimanga chenichenicho chinachokera ku udzu wakutchire wotchedwa teosinte, wa kum'mwera kwa dziko la Mexico, womwe ngala yake siposa chala kutalika ndipo imakhala ndi njere 5 mpaka 12 zokha, zokutidwa ndi chikhokhombe cholimba. Alimi a kumeneko anayamba kusankha udzuwu zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo zotsatira zake ndi nsima ya lero. Nacho chimanga chamakolo sichinasunge kulimba kwake mwangozi: amayi ankakonda chomwe chimakonoka bwino mumtondo ndiponso chosafumbwa msanga m'nkhokwe, ndipo chimenecho ndicho chinkabwerera kumunda.

Njovu ndi nsomba

Wofuna umboni wooneka ndi maso apite ku nkhalango ya Gorongosa, m'chigawo cha Sofala ku Mozambique. Pa nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa 1977 ndi 1992, magulu omenyana ankapha njovu kuti apeze nyama komanso minyanga yogulira zida. Njovu zinachepa kuchoka pa zoposa 2,500 kufika pa zosakwana 250. Nkhondo isanayambe, njovu zazikazi 18 kapena 19 mwa 100 zilizonse zinali zopanda minyanga chibadwire. Mwa zazikazi zomwe zinapulumuka nkhondoyo, theka linali lopanda minyanga. Ndipo mwa ana aakazi obadwa nkhondo itatha, mmodzi mwa atatu alionse anabadwa wopanda minyanga. Izi zinatsimikizidwa ndi kafukufuku yemwe anatuluka m'chaka cha 2021. Ku South Luangwa m'dziko la Zambia kunachitikanso zofanana nthawi yomwe kupha njovu mozembera lamulo kunafika pachimake: zazikazi zopanda minyanga zinakwera kuchoka pa 10 mwa 100 zilizonse mu 1969 kufika pa 38 mu 1989. Palibe njovu yomwe inazula minyanga yake poopa mfuti. Mfuti ndiyo inasefa.

Koma kupulumuka kotereku kuli ndi mtengo wake. Njovu yopanda minyanga imavutika kukumba madzi mumchenga wa mtsinje wouma ndi kusenda makungwa a mitengo. Choposa apo, kafukufuku wa ku Gorongosa anapeza kuti chibadwa chomwe chimachotsa minyanga mwa zazikazi chimapha ana aamuna asanabadwe, moti pa ana atatu alionse a njovu yopanda minyanga, awiri amakhala aakazi. Mfundo ya mtengoyi ndi yofunika kuisunga, chifukwa ibweranso pa nkhani ya malungo.

Zimenezo ndi zaka 15 zokha za nkhondo. Nthawi ikatalika, kusefa komweku kumatha kugawa mtundu umodzi kukhala mitundu yambiri. Nyanja ya Malawi, yomwe ku Mozambique amaitcha Niassa, ili ndi nsomba za banja la mbuna, utaka, ncheni ndi ndunduma zamitundu yoposa 500, ndipo akatswiri ena amati ikhoza kupitirira 800. Pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Kuyeza kwa majini kukuonetsa kuti mitundu yonseyi inachokera kwa kholo limodzi m'zaka zosapitirira miliyoni imodzi zapitazo. Mbuna zimakonda miyala ndipo siziwoloka mchenga wautali kapena madzi akuya, choncho gulu la pa chilumba china limakhala lotalikirana ndi la pa china. Gulu lililonse limasefedwa ndi chakudya chomwe chili pamalopo, ndipo zazikazi zimasankha zamphongo potengera mtundu wa khungu. Mapeto ake magulu awiriwo amasiyana kamwa, mano ndi maonekedwe, mpaka kufika posakwerananso ngakhale atakumana. Lero muli zopala ndere pamiyala, zosefa mchenga, zodya mamba a zinzake, ndi ina yotchedwa kalingono yomwe imagona chammbali pansi pa nyanja ngati yakufa, kudikira tinsomba todzatola nyama yowola.

Nkhani ikafika pamenepa ena amatseka makutu, poganiza kuti akuuzidwa kuti agogo awo anali anyani. Sayansi sinena kuti munthu anabadwa kwa nyani wa m'phiri yemwe amaba chimanga. Imanena kuti anthu ndi anyani a masiku ano ali ndi kholo limodzi lakalekale lomwe silinali munthu ndiponso silinali nyani wa lero. Okhulupirira amasiyana maganizo pa zimenezi. Alipo okana, ndipo aliponso ovomereza osataya chikhulupiriro chawo, monga Papa John Paul II yemwe mu 1996 ananena kuti chiphunzitsochi chili ndi umboni wochuluka ndipo si kungoganiza chabe. Mtsutsowo ndi wa nthawi yaitali ndipo sutha lero. Mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo asaudikire, popeza nkhupakupa za m'dipi siziudikira.

Zomwe zinachitikira kolorokwini

Anthu a msinkhu wapakati akukumbukira kolorokwini, mapiritsi owawa aja omwe ena ankawayabwitsa thupi. Anali otsika mtengo, ankapezeka m'golosale iliyonse, ndipo kwa zaka zambiri ankachizadi malungo. Tizilombo ta malungo tosamva kolorokwini tinayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 m'malire a Thailand ndi Cambodia komanso ku Colombia. Tinafika kum'mawa kwa Africa cha m'ma 1978, ndipo m'zaka za m'ma 1980 tinafalikira m'maiko ambiri. Ana ankamwa mankhwala, kutentha thupi n'kutsika masiku ochepa, kenako malungo n'kubwerera, magazi n'kumatha pang'onopang'ono. Imfa za ana zinakwera m'madera ambiri. M'chaka cha 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kuchotsa kolorokwini ngati mankhwala oyamba a malungo, ndipo m'malo mwake linaika SP, yomwe ambiri amaidziwa ndi dzina lakuti Fansidar.

Chomwe chinatsatira chinadabwitsa ambiri. Akatswiri omwe ankayeza magazi a odwala ku Blantyre anapeza kuti mu 1992, tizilombo 85 mwa 100 tilitonse tinali ndi chibadwa chosamva kolorokwini. Pofika mu 2000 tinali titatsika kufika pa 13. Mu 2005 anayesa mankhwala awiriwa pa ana 210 odwala malungo ku chipatala cha Ndirande. Kolorokwini, yemwe anatayidwa zaka 12 m'mbuyomo chifukwa cholephera, anachiza ana 99 mwa 100 alionse. SP, yemwe anabwera kudzalowa m'malo mwake, anachiza 21 okha.

Mapiritsiwo sanasinthe, anali omwe aja. Chinasintha ndi mtundu wa tizilombo tomwe tinali m'magazi a anthu. Kachilombo kosamva kolorokwini kali ndi njira yotulutsira mankhwalawo kunja kwa kathumba komwe kamagayira chakudya. Njirayo imakapulumutsa mankhwala akakhalapo, koma imakachedwetsa kukula ndi kuswana, monga mlendo amene wasenza katundu wolemera. Nthawi yomwe aliyense ankamwa kolorokwini, katunduyo anali woyenera kumusenza, pakuti opanda katundu ankafa. Kolorokwini atachotsedwa, katunduyo anasanduka chipsinjo chopanda phindu, ndipo tizilombo tomva mankhwala, tomwe tinali titatsala pang'ono apo ndi apo, tinaswana mofulumira n'kupitirira tinzake. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti sikuti tosamvato tinatembenuka n'kuyambanso kumva. Tinangopambanidwa ndi zidzukulu za tomwe tinkamva kale. Tikanakhala kuti tomva mankhwalato tinatheratu, pakanakhala palibe chobwerera.

Apa pali zoyenera kuchenjeza ziwiri. Choyamba, izi sizikutanthauza kuti wodwala malungo akafune kolorokwini. Atabwerera m'magolosale n'kumamwedwa yekha ngati kale, sefa yomwe ija idzayambiranso ntchito, ndipo tizilombo tosamva, tomwe tikadalipo m'maiko ena, tidzachulukanso. Mankhwala ovomerezeka a malungo wamba ku Malawi kuyambira 2007 ndi LA, omwe ku Zambia amadziwika kwambiri ndi dzina la Coartem. Chachiwiri, si kupima kulikonse komwe kumabwerera m'mbuyo. Tizilombo tosamva SP tikadali tambiri ku Malawi ngakhale papita zaka zambiri chisiyireni kuchizira malungo ndi mankhwalawa. Pomwe katundu wa kachilombo ndi wopepuka, kapena mankhwala akugwirabe ntchito ina m'dera, kupimako kumakhalitsa.

Tizilombo tomva mankhwala ndi chuma

Komabe nkhani ya kolorokwini ikuphunzitsa chinthu chomwe poyamba chimamveka ngati misala: mlimi amene akufuna kuti mankhwala ake azigwirabe ntchito ayenera kusiya tizilombo tina tomva mankhwala tili ndi moyo. Timeneto ndito timakwerana ndi tosamva n'kusungunula chibadwa chawo, ndipo ndito timalimbirana nato chakudya. Wofuna kupha kachilombo kalikonse mpaka komaliza, nyengo iliyonse, ndi mankhwala amodzimodzi, akuchita kulimira adani ake enieni.

Alimi a ku South Africa anaziona zimenezi pa kapuchi. Kuyambira 1998 dzikolo linayamba kulima chimanga cha Bt, chomwe majini ake anasinthidwa kuti chizipanga chokha poizoni wopha kapuchi. Lamulo linali lakuti mlimi aliyense asiye gawo la munda, magawo 5 mwa 100 alionse ngati sapoperamo, lobzalidwa chimanga wamba. Cholinga chinali chakuti m'gawo limenelo muzituluka agulugufe ambiri omva poizoni, oti azikwerana ndi ochepa omwe apulumuka m'chimanga cha Bt. M'zaka zoyambirira alimi ambiri sanasiye gawolo, poliona ngati kutaya zokolola. Pofika 2007, kapuchi wosamva chimanga cha Bt anapezeka m'minda yothirira ya kufupi ndi Christiana, ndipo anafalikira kumadera ena. Kunena zoona, zinadziwika pambuyo pake kuti kupima kwa kapuchiyu kumayenda m'chibadwa mosavuta kuposa momwe ankaganizira, choncho gawo losiyidwalo likanangochedwetsa vutolo, osati kulithetsa. Koma kwa mlimi, zaka zowonjezera zomwe chida chikugwirabe ntchito ndi chakudya m'nkhokwe. Owerenga ambiri a tsamba lino salima chimanga cha Bt, koma nzeru yake imagwira ntchito ngakhale m'khola la mbuzi.

Mdani wamkulu wa mbuzi ndi nkhosa m'nyengo ya mvula ndi njoka zam'mimba zoyamwa magazi. Chiweto chimafooka, mkati mwa chikope mumayera, ndipo nthawi zina chimatupa kunsi kwa chibwano. Kwa zaka zambiri uphungu unali wakuti khola lonse limwetsedwe mankhwala pa nthawi zoikika, lodwala ndi losadwala lomwe. Ku mafamu a nkhosa a ku South Africa komwe uphunguwu unkatsatidwa mokhulupirika, njokazi zinapima ku mankhwala amtundu wina pambuyo pa unzake, mpaka vutolo linakhala limodzi mwa aakulu kwambiri padziko lonse. Chifukwa chake n'chomveka: khola lonse likamwa, mazira okhawo omwe amagwera pamsipu ndi a njoka zosamva mankhwala.

Kumeneko ndiko kunachokera njira ya FAMACHA m'zaka za m'ma 1990, yomwe dzina lake linatengedwa kwa dokotala wa ziweto Faffa Malan. Ndi kakhadi ka mitundu isanu, kuyambira kufiira kwambiri mpaka kuyera. Woweta amatsitsa chikope cham'munsi cha mbuzi pamalo owala n'kuyerekeza ndi kakhadiko. Zomwe m'maso mwafiira bwino sizimwa mankhwala. Zomwe mwayera ndizo zimamwa. Njirayi imatheka chifukwa m'khola lililonse ziweto zochepa ndizo zimasenza njoka zambiri. Zosamwazo zimapitiriza kugwetsa pamsipu mazira a njoka zomva mankhwala, ndipo mankhwalawo amakhalitsa. Ndalama zogulira mankhwala zimachepanso, chomwe kwa woweta mbuzi zisanu ndi nkhani yaikulu.

Pali phindu linanso lomwe kawirikawiri silitchulidwa. Woweta amene amayang'ana maso a mbuzi zake masabata awiri kapena atatu alionse m'dzinja amayamba kudziwa mbuzi yomwe imafuna mankhwala nthawi zonse ndi yomwe siwafuna n'komwe. Kulimba kumeneko nakonso kumayenda m'chibadwa. Ikafika nthawi yogulitsa mbuzi ya fizi kapena yopha pa chinkhoswe, wanzeru amatulutsa yodwaladwalayo n'kusunga yolimba kuti iswane. Mwatsoka, zomwe zimachitika m'midzi yambiri ndi zosemphana: yonenepa ndi yamphamvu ndiyo imayamba kupita kumsika chifukwa ili ndi mtengo wabwino, tonde wabwino n'kufulidwa kapena kuphedwa, m'khola n'kutsala zonyentchera kuti zibereke. Kumeneko nakonso ndi kusankha, kungoti n'kobwerera m'mbuyo.

Kakhadika kali ndi malire ake. Kamaonetsa kuchepa kwa magazi kokha, choncho sikathandiza pa njoka zomwe siziyamwa magazi, ndipo ana a mbuzi ndi zoyamwitsa zimafunika kuziyang'anira mwapadera. Wofuna kukagwiritsa ntchito ayambe waphunzitsidwa ndi mlangizi wa ziweto. Ndipo mbuzi yomwe ikumwa imwe muyeso wokwanira molingana ndi kulemera kwake. Muyeso woperewera, womwe anthu amapereka pofuna kuti botolo limodzi likwane khola lonse, ndi sefa ya maso aakulu: imapha zofookeratu zokha n'kusiya zonse zomwe zili ndi kulimba ngakhale pang'ono.

Mayina osiyana, mankhwala amodzi

Alangizi amanena kawirikawiri kuti alimi azisinthasintha mankhwala. Uphunguwu ndi wabwino koma umaperekedwa mwatheka. Mlimi amagula botolo la dzina lina, la chizindikiro china, n'kuganiza kuti wasintha, pomwe mkati mwake muli mankhwala a banja lomwe lija. Cypermethrin, deltamethrin ndi lambda-cyhalothrin onse ndi a banja limodzi la pyrethroid ndipo amapha kachilombo m'njira imodzi, choncho mbozi yosamva amodzi mwa amenewa kawirikawiri simva enawo. Dzina lofunika si lalikulu lapamwamba pa botolo ayi, koma laling'ono lomwe limatchula mankhwala enieni omwe alimo. Mabotolo ena amalembedwanso nambala ya gulu: a pyrethroid ndi gulu 3A, dimethoate ndi profenofos ndi gulu 1B, emamectin benzoate ndi gulu 6. Kusintha kwenikweni ndi kuchoka pa nambala ina kupita pa ina. Ndi zomvetsa chisoni kuti malebulo ambiri amalembedwa m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi chokha, ndi timalemba tating'ono, pomwe wogwiritsa ntchito ndi mlimi wakumudzi, ndipo mankhwala ambiri amagulitsidwa otapatapa m'timabotolo topanda lebulo n'komwe. Makalabu a alimi angachite bwino kukhala ndi munthu mmodzi wosunga kabuku kolembamo mankhwala omwe apoperedwa m'madimba onse a m'dambo limodzi, chifukwa gulugufe sadziwa malire a munda. Mlimi mmodzi akamasintha, anzake khumi akupopera amodzimodzi sabata ndi sabata, khama lake limapita pachabe.

Kupopera kulikonse komwe kwapewedwa ndi kusefa kumodzi komwe sikunachitike. Kuyendera munda kaye musanapopere, kuphwanya ndi chala mazira a mbozi pamasamba, kasinthasintha wa mbewu, ndi kusunga chimanga m'matumba osalowa mpweya monga a PICS, omwe amapha anankafumbwe powamana mpweya, zonsezi zimasunga mphamvu ya mankhwala kuti adzagwire ntchito tsiku lomwe afunikadi.

Nkhani ya pyrethroid siithera kumunda. Banja lomweli la mankhwala ndilo lakhala likupakidwa ku masikito ogonamo. Udzudzu umaswana m'zithaphwi ndi m'madambo momwe mumatsikira madzi ochokera m'minda yopoperedwa, ndipo kafukufuku wa m'madera olima thonje kumadzulo kwa Africa anaonetsa kuti mankhwala a kumunda amathandizira kusefa udzudzu. Kuopsa kwa udzudzu wopima kunaoneka ku South Africa, komwe mu 1996 anasiya kupopera DDT m'nyumba n'kuyamba pyrethroid. Udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus wosamva pyrethroid unafalikira ku KwaZulu-Natal, m'malire ndi kum'mwera kwa Mozambique, pa nthawi yomweyo yomwe SP ankalephera kuchiza, ndipo odwala malungo m'dzikolo anaposa 60,000 m'chaka cha 2000. Udzudzu wa mtundu womwewo wosamva pyrethroid unapezekanso pa chilumba cha Likoma mu 2010. N'chifukwa chake masikito atsopano amaphatikiza pyrethroid ndi mankhwala ena. Masikito akale akadali othandiza ngati chotchinga, malinga ngati sanabooke.

Nzeru yophatikiza mankhwala awiri ndiyonso ili mu LA. Mwayi woti kachilombo kamodzi kabadwe kosamva mankhwala awiri osiyana nthawi imodzi ndi wochepa kwambiri kuposa woti kabadwe kosamva amodzi. N'chifukwa chomwechonso mankhwala a TB ndi ma ARV amakhala ophatikiza. Mu LA muli artemether, yemwe amapha tizilombo tambiri mofulumira koma amachoka m'thupi m'maola ochepa, ndi lumefantrine, yemwe amakhalitsa masiku angapo kumalizitsa totsala. Tizilombo tochedwa kufa ndi mankhwala a banja la artemether tinayamba kuoneka kumadzulo kwa Cambodia cha m'ma 2008, dera lomwe lija kunachokera tosamva kolorokwini. Mu 2020 tinapezeka ku Rwanda, titabadwira mu Africa momwemo osachita kuchokera ku Asia, ndipo kenako ku Uganda, Eritrea ndi Tanzania. LA akuchizabe bwino odwala ambiri, koma tsopano ntchito yaikulu ikutsamira pa lumefantrine.

LA amamwedwa kasanu n'kamodzi m'masiku atatu, pamodzi ndi chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono, monga mkaka kapena phala lotendera, kuti lumefantrine alowe bwino m'magazi. Mwana amayamba kusewera pa tsiku lachiwiri, ndipo pamenepo ndi pomwe makolo ena amasiya kumumwetsa n'kusunga mapiritsi otsalawo kuti adzathandize m'bale wake akadzadwala. Tizilombo tomwe tikadali m'magazi a mwanayo pa tsiku limenelo ndi tomwe tachedwa kufa kuposa tinzake tonse. Tikapulumuka chifukwa cha muyeso woperewera, timaswananso, ndipo udzudzu womuluma pambuyo pake umatinyamula kupita nato ku nyumba yoyandikana nayo.